Njerwa za ku Moscow ndi Nkhomo za Kwathu

Masewero alipo a mitundu iwiri. Ena amafuna mphamvu za thupi, monga mpira, fulaye ndi chipako. Ena amafuna kuti munthu akhale pansi, agwire chibwano ndi kuganiza. Mbiri ya masewero a mtundu woyambawo imalembedwa tsiku ndi tsiku m'nyuzipepala, koma ya mtundu wachiwiriwu imasowa woilemba, ngati kuti ndi nkhani ya chibwana. M'chimangirizo chino tilondola mbiri ya sewero limodzi lotere, lija la njerwa zogwa kuchokera pamwamba pa kagalasi. Dzina lake lenileni ndi Tetris, ngakhale ambiri adalisewera zaka ndi zaka osalidziwa dzinalo. Lidabadwira kutali, mumzinda wa Moscow, koma pofika kwa Nchema m'boma la Chiradzulu silidapeze bwalo lili pululu. Lidapeza akuluakulu atazungulira kale thabwa la bawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo mlendo sitingamumvetse bwino tisanadziwe mwini mudzi.

Liwu loti bawo lidachokera ku Chiswahili, ndipo m'chinenero chimenecho bao ndi thabwa. Seweroli lidafika kuno kudzera m'njira zamalonda zochokera kugombe la nyanja yamchere, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, m'mene Ayao ankayenda atasenza minyanga ya njovu ndi kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Njira zomwezo, tisabise, ndi zimene zidameza abale athu ambirimbiri m'nthawi ya ukapolo. Pamene Ayao ankakhazikika m'mapiri a Zomba, Chiradzulu ndi Mulanje cha m'ma 1860, adali anthu odziwa kale za kugombe, ndipo mpaka lero kumene kuli midzi yawo thabwa la bawo silisowa. Pambali pa bawo padalinso ntchuwa, imene anyamata ankasewera kubusa, maenje okumba pansi ndi timiyala totola kumtsinje. Mu 1913 dokotala wina wa boma la atsamunda, Meredith Sanderson, adalemba malamulo a masewero angapo a mtundu umenewu monga adawaonera m'Nyasaland.

Thabwa la bawo lili ndi mizere inayi, mzere uliwonse maenje 8, onse pamodzi 32. Nkhomo zimakhala 64, ndipo wosewera aliyense amayamba ndi 32, zina pathabwa, zina m'manja. Mizere iwiri ya kufupi ndi iwe ndi yako, iwiri inayo ndi ya mnzako. Ukatola nkhomo m'dzenje umaziponya imodziimodzi m'maenje otsatizana. Yotsiriza ikagwera m'dzenje lopanda kanthu, ulendo wako wathera pomwepo, wagona. Ikagwera m'dzenje la mzere wako wakutsogolo momwe muli kale nkhomo, moyang'anizana ndi dzenje la mnzako momwenso muli nkhomo, umadya za mnzakozo. Apa ndiye pagona nkhani: nkhomo zodyedwa sizichoka pathabwa ayi, zimalowa kumbali yako ndi kupitiriza ulendo. Motero dzanja limodzi likhoza kuzungulira thabwa kangapo, kudya apa, kudya apo, mpaka thabwa lonse litasintha nkhope. Wogonja ndi amene mzere wake wakutsogolo watsala wopanda nkhomo, kapena amene wasowa poyendera.

Tsono katswiri wa bawo ndi uja amene amaona mathero a ulendo asanakhudze nkhomo. Mukamuona wangoti duu, maso ali pathabwa, milomo ikugwedera pang'ono, dziwani kuti akuwerenga: izi zikathera apa, ndidya apo, zimenezo zikandifikitsa uko. Akatha kuwerenga zake amayamba za mnzake, pakuti dzanja lokoma n'lopanda pake ngati likusiyira mdani chitseko chotsekula. Kuloza maenje ndi chala powerenga, akuluakulu amati ndi khalidwe la wophunzira kumene. M'zaka za m'ma 1990 wofufuza wina wa ku Netherlands, Alex de Voogt, adakhala pakati pa akatswiri a bawo a ku Zanzibar pofuna kudziwa kuti mutu wa munthu ungawerenge kufika pati, ndipo buku lake lidatuluka mu 1995. Luso limeneli, loona chinthu chisanachitike, tilisunge m'maganizo pamene tikupita ku Moscow.

Alexey Pajitnov adabadwa mu 1955 ku Moscow, likulu la dziko limene masiku amenewo linkatchedwa Soviet Union. Adaphunzira masamu, ndipo adalembedwa ntchito pamalo a makompyuta a bungwe lalikulu la sayansi la dzikolo, kumene ankafufuza njira zoti makina azitha kumva mawu a munthu. Bamboyu ankakonda masewero oganiza, makamaka lina lotchedwa pentomino. M'sewero limenelo muli tizidutswa 12, kalikonse kopangidwa ndi timabokosi tisanu tolumikizana mosiyanasiyana, ndipo ntchito ya wosewera ndi kutilonga tonse m'bokosi osasiya mpata. Pajitnov adafuna kuliika seweroli m'kompyuta, koma adaona kuti tizidutswa 12 tachulukitsa. Adachepetsa timabokosi kukhala tinayi, ndipo potero tizidutswato tidatsala 7 tokha: kandodo kowongoka, kabokosi, ndi tina tisanu tofanana ndi zilembo za T, L, J, S ndi Z. Inu ophunzira mukhoza kutsimikiza nokha. Tengani pepala la m'kope la masamu, mulumikize timabokosi tinayi m'njira zonse zotheka. Mudzapeza 7, bola muziwerenga L ndi J ngati ziwiri zosiyana, chimodzimodzinso S ndi Z.

Nzeru zenizeni za Pajitnov zidaonekera pa zinthu ziwiri. Choyamba, adalamula kuti tizidutswato tizigwa kuchokera pamwamba kamodzikamodzi, wosewera azikatembenuza ndi kukasuntha kasanafike pansi. Pentomino munthu amatha kuisiya, kukadya nsima ndi kubwerera, koma apa nthawi idasanduka mdani. Chachiwiri, ataona kuti bwalo likudzaza msanga sewero n'kutha, adakonza zoti mzere uliwonse wodzaza popanda mpata uzifafanizika, njerwa za pamwamba pake n'kutsika. Chotsatira chake n'chakuti ntchito yabwino imazimiririka, koma zolakwa zimatsalira ndi kuunjikana pamaso pa mwini wake. Kompyuta imene ankagwiritsa ntchito, Elektronika 60, sinkatha kuonetsa zithunzi, choncho njerwa zoyambazo adazipanga ndi mikutiramawu yomweyi mumaphunzira m'kalasi. Dzina adalipeza pophatikiza liwu la Chigiriki loti tetra, kutanthauza zinayi, ndi tenisi, sewero limene iye ankalikonda. Eni ake a Tetris amakumbukira 6 Juni 1984 ngati tsiku limene seweroli lidabadwa.

Mnyamata wina wa sukulu wa zaka 16, Vadim Gerasimov, adathandiza kulisamutsira pa makompyuta a IBM, ndipo lidayamba kuyenda dzanja ndi dzanja m'maofesi a mu Moscow popanda wolipira kanthu. Kunena zoona, padalibe amene akadalipidwa. M'dziko lachikomyunizimu ntchito yopangidwa pa makina a boma idali ya boma, ndipo Pajitnov adapereka ufulu wonse wa seweroli m'manja mwa boma kwa zaka khumi.

Mu 1986 seweroli lidali litadutsa malire ndi kufika ku Budapest, likulu la Hungary. Kumeneko adaliona Robert Stein, wamalonda wa ku London amene ankagula mapologalamu a kompyuta kumaiko a kum'mawa kwa Ulaya. Stein adatumiza uthenga ku Moscow wopempha chilolezo, ndipo atalandira yankho longosonyeza chidwi, iye adaliyesa mgwirizano. Asanasaine pepala lililonse, adagulitsa chilolezocho kwa kampani ya Mirrorsoft ya ku Britain ndi ya Spectrum HoloByte ya ku America. Makampaniwo nawonso adagulitsa kwa ena, enawo kwa enanso, mpaka ku Japan. Zidali ngati munthu wogulitsa mbuzi imene wangoiona ikudya msipu m'dambo la eni, ogulawo n'kumagulitsana mbuzi yomweyo, mwini wake ali phee m'nyumba.

Mlandu udaphulika m'mwezi wa Febuluwale 1989. Boma la Soviet Union lidali ndi bungwe lotchedwa Elorg, loyang'anira malonda a zamakompyuta ndi maiko akunja. M'sabata imodzi anthu atatu adagogoda pakhomo la bungweli, aliyense payekha: Stein uja, Kevin Maxwell, mwana wa Robert Maxwell mwini wake wa Mirrorsoft, ndi Henk Rogers, wobadwira ku Netherlands koma wochita malonda ku Japan. Rogers adalowa m'dzikomo ndi chiphaso cha mlendo wodzaona malo, popanda womuitana. Ankadziwa chinthu chimodzi chofunika, chakuti kampani ya Nintendo idali pafupi kutulutsa kachipangizo kosewerera konyamula m'manja kotchedwa Game Boy, ndipo ankakhulupirira kuti sewero loyenera kachipangizoko ndi Tetris. Pofuna kusonyeza kuti ndi wamalonda weniweni, adatulutsa Tetris imene iye ankagulitsa kale ku Japan, yosewerera pa wailesi yakanema. Mkulu wa ku Elorg, Nikolai Belikov, adadzidzimuka, pakuti bungwe lake lidali lisanapatse munthu aliyense chilolezo chotero. Apa m'pamene a ku Moscow adadziwa kuti mbuzi yawo idagulitsidwa kalekale.

Rogers sadathawe. Adafotokoza m'mene chilolezocho adachigulira ndipo adavomera kulipira. Kuona mtima kumeneku kudamupindulira, chifukwa Pajitnov, amene adali nawo pa zokambiranazo, adamukhulupirira. Belikov naye adali wochenjera. Adasainitsa Stein pepala latsopano lofotokoza bwinobwino tanthauzo la liwu loti kompyuta, kotero kuti zipangizo za pa wailesi yakanema zidatsala kunja kwa chilolezo chake. Rogers adatenga chilolezo cha zipangizo za m'manja, ndipo patapita masabata ochepa Nintendo idatenganso cha zipangizo za m'nyumba. Robert Maxwell adakadandaula mpaka kwa mtsogoleri wa dzikolo, Mikhail Gorbachev, koma sizidaphule kanthu. Ku America kampani ya Tengen, nthambi ya Atari Games, idagonja kukhoti ndipo idachotsa Tetris yake m'masitolo. Game Boy idatuluka chaka chomwecho cha 1989, ndipo Tetris ya pa kachipangizoka idafika m'manja mwa anthu pafupifupi 35 miliyoni. Mu 1993 woyenda mumlengalenga wa ku Russia, Aleksandr Serebrov, adakwera nayo kumalo ofufuzira a Mir.

Nanga Pajitnov? Pa ndalama zonsezo iye sadaonepo kanthu. Adasamukira ku America mu 1991, chaka chimene Soviet Union idagawikana, ndipo adadikira mpaka 1996 pamene zaka khumi zija zidatha. Chaka chimenecho iye ndi Rogers adakhazikitsa kampani ya The Tetris Company, ndipo m'pamene adayamba kudya thukuta lake. Inu amene mumalemba ndakatulo ndi kupeka nyimbo, nkhani imeneyi ikukukhudzani. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo loteteza ntchito za alembi ndi oimba mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA lidayamba ntchito mu 1992. Komabe lamulo silingawerengere munthu pepala limene iye mwini akusaina.

Kuno kwathu mkokemkoke wonsewu sitidaumve. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda silinkagwirizana ndi maiko achikomyunizimu, ndipo chinthu chochokera ku Moscow chinkaonedwa ndi diso lofiira. Wailesi yakanema ya dziko lino idalibe, idadzayamba mu 1999. Game Boy idali ya ana a anthu opata a m'tauni. Chimene chidafika kumudzi ndi kachipangizo ka pulasitiki kopangidwa ku China, kotchipa, koyendera mabatire awiri, kamene ana ankangokatchula kuti gemu. M'zaka za m'ma 1990, pamene malonda a m'misewu adakula, mavenda a mu Limbe ankatiyala pamodzi ndi mawotchi ndi matochi, ndipo posakhalitsa tidayamba kuoneka pa misika monga Mbulumbuzi ndi Namadzi. Pa tina padalembedwa kuti muli masewero 9999, koma ukafufuza unkapeza masewero owerengeka chabe obwerezedwabwerezedwa, ndipo mtima wa onsewo udali njerwa za Pajitnov. Dzina lake silidalembedwepo paliponse, ndipo tambala ya kwa Nchema sidamupeze.

Mwana mmodzi akakhala nako, ankasanduka mfumu. Anzake khumi ankamuzungulira, makosi atasolola, aliyense akudikira kuti mwini wake afe, pakuti kugonja m'seweroli ana ankakutcha kufa. Odikirawo sankakhala chete. Ankalangiza, kukuwa ndi kunyogodola, monga momwe oonerera bawo amachitira ngakhale akudziwa kuti n'koletsedwa. Mabatire akatha ankawayanika padzuwa kapena kuwaluma ndi mano kuti atulutse kamphamvu kotsala. Idali nthawi imene maphunziro aulere a kupulayimale adangoyamba, mu 1994, ndipo makalasi adadzaza mpaka pakhomo. M'chigulu chotero mphunzitsi sankamuona wosewera, ankangomva kulira kwa tii, tii kuchokera kumbuyo. Ife aphunzitsi tinkalanda tizipangizoto ndi kutitsekera m'kabati mpaka Lachisanu. Kaya mabatire ankatha bwanji m'kabati yokhoma, limenelo ndi funso limene ana aulemu sankafunsa.

Tsopano tibwerere ku luso lija tidalisunga. Pambali pa bwalo la Tetris pali kazenera kakang'ono koonetsa njerwa imene ikubwera pambuyo pa imene ikugwayo. Wophunzira kumene sakayang'ana n'komwe kazenerako. Maso ake amakakamira pa njerwa imene ili m'njira, ndipo akaipezera malo amapuma, osadziwa kuti watsekera inzake. Wodziwa amaika njerwa ya tsopano akuganizira yotsatirayo. Amayalanso pamwamba pa mulu wake mwanjira yoti njerwa iliyonse mwa 7 zija ikabwera ipeze pokhala. Amachita chinanso choposa apo. Amamanga mulu wautali koma kusiya dala mpata umodzi wowongoka m'mbali, ngati chitsime, kudikira kandodo kaja. Kakabwera amakatsitsira m'chitsimemo, mizere inayi n'kufafanizika nthawi imodzi, ndipo malikisi ake amaposa kutali a munthu wofafaniza mzere umodziumodzi. Koma kandodoko kakachedwa, mulu umakwera mpaka kudenga ndipo zonse zimathera pomwepo. Wosewera bawo akuidziwa bwino nkhawa imeneyi. Iye ali ndi dzenje la ngodya zinayi lotchedwa nyumba, momwe nkhomo zimaunjikana. Akaimwaza msanga phindu limachepa, akachedwa nayo mnzake amaidya yonse. Mlimi woganiza zodzala ndi mvula yoyamba kapena kudikira yachiwiri ali pa mlandu womwewo.

Kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu. Pa bawo palibe chobisika. Nkhomo zonse zili poyera, ndipo chimene sukuchidziwa ndi mtima wa mnzako yekha. Ukagonja, wakugonjetsa ndi munthu, amene mawa udzampeza pamtengo pomwepo ndi kubweza chipongwe. Pa Tetris mdani alibe nkhope ndipo satopa. Liwiro limangokwera, ndipo mu 1997 katswiri wa masamu Heidi Burgiel adasonyeza kuti ngati njerwa zikubwera mwachisawawa, tsiku lina padzabwera mndandanda wautali wa S ndi Z umene palibe munthu angaulonge. Tetris za masiku ano zidafewetsedwa. Zimagawa njerwa zonse 7 mosakaniza, zikatha n'kuyambanso zina 7, kotero kuti pakati pa kandodo kamodzi ndi kanzake sipangadutse njerwa zoposa 12. Wosewera wanzeru amawerenga zimene zatuluka ndi kudziwa zimene zatsala.

Tizipangizo ta ku China tija tidapitikitsidwa ndi lamya za m'manja. Kampani ya Telekom Networks Malawi idakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel idabwera mu 1999, imene idasintha dzina kukhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Lamya imene ambiri amaikumbukira ndi Nokia 3310, yotuluka mu 2000. M'menemo mudali sewero la njoka yotalika ikadya, imene imafa ikadziluma mchira. Mudalinso lina limene achinyamata ambiri ankalidumpha, lotchedwa Bantumi: mizere iwiri ya maenje asanu ndi limodzi, nkhokwe kumapeto, ndi njere zoponya imodziimodzi. Akuluakulu ataliona adaseka, chifukwa adamzindikira mwana wa mlongo wake wa bawo. Malamulo ake adatengedwa ku sewero la Kalah, limene William Champion wa ku America adalikonza cha m'ma 1940 potengera masewero akale a maenje ndi njere a ku Africa ndi Asia. Lidayenda ulendo wautali, kudzera ku America ndi ku Finland kwawo kwa Nokia, n'kubwerera kumudzi litaonda, mizere iwiri itatayika m'njira. Kwa munthu wozolowera thabwa la maenje 32 lidali phala la mwana.

Mu 2012 kampani ya King idatulutsa Candy Crush Saga, poyamba pa Facebook, kenaka pa lamya zamakono. Wosewera amasinthanitsa timaswiti toyandikana kuti titatu tofanana tikhale pamzere. Seweroli ndi laulere politenga, koma pali msampha. Munthu amapatsidwa miyoyo isanu. Akalephera gawo, moyo umodzi wapita, ndipo kuti ubwerere ayenera kudikira mphindi 30, kapena kupempha kwa anzake, kapena kulipira. Akatsala pang'ono kupambana mwayi wosuntha n'kumuthera, seweroli limamuuza kuti agule mwayi wina. Ndalama zake si zamasewera: mu 2016 kampani ya Activision Blizzard idagula King pa mtengo wa madola 5.9 biliyoni a ku America, ndipo mu 2023 Microsoft idagula Activision Blizzard yomweyo.

Mwa kuona kwanga, apa mbiri ya masewerowa idakhota. Pa bawo munthu amawerenga maganizo a mnzake. Pa Tetris amawerenga njerwa ikubwera. Pa masewero a mtundu watsopanowu woona patsogolo ndi mwini kampani, ndipo wowerengedwa ndi wosewera. Lamya imatumiza ku kampani mbiri ya pamene anthu akulephera, pamene akutopa ndi pamene akulipira, ndipo magawo amakonzedwa potsata zimenezo. Kudikira, kumene pa chitsime chija kudali luso, kudasanduka katundu wogulitsa. Mwana wa kwa Nchema kawirikawiri alibe njira yolipirira miyoyo imeneyo, koma amalipira ndithu: mayunitsi a intaneti, ndalama yotchajitsira lamya pa sitolo, kuonerera zotsatsa malonda, ndi maola a usiku amene akadawerenga. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidavomereza kuti kukodwa ndi masewero a pa kompyuta mpaka kusiya sukulu, ntchito ndi abale kulowe m'ndandanda wa matenda, ndipo ndandandawo udayamba kugwira ntchito mu 2022. Bungwelo lidanenanso kuti vutoli limagwira ochepa mwa osewera, choncho makolo asathamangire kuyesa wodwala mwana aliyense wogwira lamya.

Ophunzira amakonda kudziteteza ponena kuti masewerowa amanola ubongo. M'mawu amenewa choona chilimo, koma n'chochepa kuposa m'mene amafunira. Mu 1992 Richard Haier wa pa yunivesite ya California adapeza kuti anthu atasewera Tetris kwa masabata angapo, ubongo wawo unkagwiritsa ntchito mphamvu zochepa pamene malikisi awo ankakwera, monga mmisiri wozolowera amene satuluka thukuta pa ntchito yotopetsa wophunzira. Mu 2000 Robert Stickgold wa ku Harvard adapeza kuti osewera ankaona njerwa zikugwa pamene tulo tikuwagwira, ngakhale odwala matenda oiwala, amene sankakumbukira n'komwe kuti adasewera. Koma mu 2002 Valerie Sims ndi Richard Mayer adasonyeza kuti akatswiri a Tetris ankaposa anzawo potembenuza m'maganizo zinthu zofanana ndi njerwa za Tetris basi, pa mayeso ena a mtundu womwewo adali chimodzimodzi ndi aliyense. Tetris imaphunzitsa Tetris, monganso bawo amaphunzitsa bawo. Ndaonapo akatswiri a thabwa amene ankawerenga maulendo atatu patsogolo, koma feteleza wa chaka chamawa osamuganizira. Masamu a MSCE ali ndi khomo lawolawo.

Njerwa za Pajitnov zidakalipo, ndipo mbiri yake yaposachedwa yalembedwa ndi ana a msinkhu wanu. Chiyambire 2010 ku America kumachitika mpikisano wa dziko lonse wa Tetris yakale ija ya Nintendo ya 1989. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti gawo 29 ndiwo malire, chifukwa pamenepo njerwa zimagwa mwaliwiro loti chala sichingathe kuzifikitsa m'mbali. Mu 2018 mnyamata wa zaka 16, Joseph Saelee, adagonjetsa Jonas Neubauer, amene adali atapambana mpikisanowo kasanu ndi kawiri. Iye ankanjenjemeretsa chala pa batani m'malo molikanikiza. Pambuyo pake achinyamata adatulukira njira ina, yoomba kunsi kwa chogwirira ndi zala motsatizana ngati woimba ng'oma, chala china chili pa batani pamwamba. Malire aja adagwa.

Pa 21 Disembala 2023 Willis Gibson wa ku Oklahoma, wa zaka 13, adasewera mphindi pafupifupi 38 mpaka kufika gawo 157. Pamenepo pologalamu idasokonezeka powerengera malikisi ndipo njerwa zidaima chilili pagalasi. Adali munthu woyamba kutopetsa makinawo, patatha zaka 34 chitulukire seweroli. Mu Okutobala 2024 Michael Artiaga wa zaka 16, posewera Tetris yomweyo itakonzedwa kuti isaime, adadutsa gawo 255, lomwe ndi lotsiriza limene makinawo angathe kuwerenga. Nambala ya gawo idabwerera pa 0, njerwa zidayambanso kugwa pang'onopang'ono ngati poyamba, ndipo mnyamatayo adapitiriza kusewera.